Ngolo ya mahatchi awiri: kuyambira pa tepi yoyezera mpaka ulendo woyamba

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikubwereka ngolo ya mnzanga ndikafuna kunyamula mahatchi anga awiri. Usiku wina hatchi yaing'ono inadwala m'mimba, adokotala a ziweto n'kunena kuti ndifike nayo msanga, koma ngoloyo inali paulendo ndi mwini wake. Tinadikira maola atatu, hatchi ikungodzigwetsa pansi n'kudzuka. Inachira, koma usiku womwewo ndinatsimikiza zogula yanga. Yatsopano sindingaikwanitse, choncho ndikusaka yogwiritsidwa kale ntchito. Ndalama zonse zimene ndasunga ndazitenga ngati magawo 100, ndipo chilichonse ndizichilemba m'magawo amenewo kuti muone kumene ndalama zikulowera.

6 Malichi: kuyeza mahatchi

Ndisanayang'ane mtengo wa ngolo iliyonse, lero ndatenga tepi. Msinkhu wa hatchi umayezedwa kuchokera pansi kufika pa fupa lotumphuka pamene khosi lakumana ndi msana. Ogulitsa ngolo amatchula msinkhuwu mu hand, ndipo hand imodzi ndi mainchesi 4, kapena masentimita 10.16. Samalani ndi kalembedwe kake: 16.2 ikutanthauza ma hand 16 ndi mainchesi awiri. Hatchi yanga yaikulu ndi 16.2, omwe ndi masentimita 168. Yaing'ono ndi 15, masentimita 152.

Koma denga limagundidwa ndi mutu, osati msana. Ndinaimika yaikuluyo pafupi ndi khoma n'kulemba choko pamene pafika pamwamba pa mutu wake itaima phee: mamita 2.02. Wina atamenyetsa chidebe panja inadzutsa mutu n'kupitirira chokocho ndi pafupifupi chikhatho chathunthu. Thupi lake, kuchokera pansonga ya phewa kufika kumapeto kwa thako, ndi masentimita 175.

Sikelo ya mahatchi ndilibe, ndiye ndawerengera. Mumayeza kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, nambalayo n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kenako ndi utali wa thupi, n'kugawa ndi 11,877. Yaikulu: chifuwa 196, utali 175, yatuluka makilogalamu 566. Yaing'ono: 180 ndi 160, makilogalamu 436. Pamodzi ndi tani imodzi. Zishalo, udzu wouma ndi madzi ndaziikira makilogalamu 100.

9 Malichi: galimoto

Buku la galimoto yanga likuti ingakoke makilogalamu 2,500 ngati ngoloyo ili ndi mabuleki, ndipo pa mpira wokokera, kachitsulo kobulungira ka kumbuyo kwa galimoto pamene ngolo imakoledwa, pasakhale kulemera kopitirira makilogalamu 100. Ndikachotsa 1,100 a katundu, ngolo yopanda kanthu isapitirire 1,400, koma sindikufuna kuyendera pamalire. Ndikusaka yosapitirira 1,100. Malamulo a laisensi yokokera ngolo amasiyana m'mayiko, ndipo ndafufuziratu kuti yanga ikulola.

Kuti ndikhale ndi poyerekezera ndinaona miyezo ya kampani yopanga ngolo ya Ifor Williams: HB506 amati ndi ya mahatchi awiri osapitirira 16.2, pomwe HB511 ndi ya ofika 17.2. Ndiye kuti hatchi yanga ili pamalire penipeni pa ngolo wamba.

15 Malichi: chikole chapita

Ndalakwitsa, ndipo ndilemba momwe zakhalira. Ndinaona ngolo yooneka bwino pa zithunzi, mtengo wake magawo 45 okha. Wogulitsa analemba kuti ndi yotalika mamita 2.15. Pafoni anati pali ena awiri akubwera mawa, ine n'kutumiza chikole cha magawo 4 ndisanaione.

Nditafika n'kutambasula tepi, ndinangoti kakasi. Mamita 2.15 aja anayeza pakati penipeni pamene denga latumphuka. Chitsulo chopingasa cha pakhomo lakumbuyo, pamene mutu wa hatchi umadutsa polowa, chinali pa 2.03. M'lifupi mwake monse munali mamita 1.50, kutanthauza masentimita 72 pa hatchi iliyonse mukachotsa chotchinga chapakati. Kuchokera pa chitsulo chotchinga hatchi pachifuwa kufika pa chotchinga kumatako panali 170, pomwe thupi la hatchi yanga ndi 175. Bambowo anati, "Imalowa imeneyo, achimwene, mungoikankha pang'ono." Kulowa ikhoza kulowadi, koma iima bwanji maola awiri mchira ukukhuzika pachitsulo, khosi litapindika? Ndinawathokoza n'kubwerera. Chikole anakana kubweza, ndipo sindinalimbane nawo chifukwa ndi momwe tinagwirizanirana.

Kuyambira lero ndizipempha chithunzi cha tepi itaikidwa malo atatu: pansi pa chitsulo chotsikitsitsa cha denga, pakati pa makoma awiri m'munsi momwe ziboda zimaponda, ndi pakati pa zitsulo ziwiri zija. Zatsala: 96.

22 Malichi mpaka 5 Epulo: zinayi zimene ndakana

Yoyamba inali ya gooseneck, ija imakoledwa pakati pa bodi ya pikapu. Imayenda mokhazikika, malo ndi ambiri, koma pikapu ndilibe.

Yachiwiri inali yoimika mahatchi chopendekera. Imaoneka yotakasuka chifukwa imanyamula ambiri pa utali wochepa, koma malo a hatchi iliyonse amathera pa m'lifupi mwa ngolo. Nditayeza kuchokera pakhoma mpaka pakhoma motsatira chotchinga, ndinaona kuti yaing'ono ikwana bwino, yaikulu mphuno idzakhala pa zenera, matako pakhoma.

Yachitatu inali ngolo ya ng'ombe, yotsegula m'mbali. Ndinaikonda: mpweya wambiri, kuwala kwambiri, ndipo mahatchi ambiri salimbalimba kulowa m'ngolo yotere. Denga lake linali pa mamita 1.98.

Yachinayi ndi imene inandiwawa. Miyezo yonse inali bwino, pansi pake pa aluminiyamu. Nditatukula labala wapansi ndinapeza ufa woyera mbuu ndi timaenje ngati pobowola chiswe. Anthu amaganiza kuti aluminiyamu sawonongeka popeza sachita dzimbiri lofiira, koma mkodzo ukakhalitsa pansi pa labala umamudya. Apa panali patadyeka mpaka pamene pansi pagwirana ndi chasisi, ndipo kukonza kwake kukanadya bajeti yonse.

Masabata awiriwa andithandiza kusiyanitsa zinthu. Matayala, mabuleki, mawaya ndi matabwa zimasinthidwa. Msinkhu wa denga, m'lifupi ndi chasisi yowola sindingazisinthe ndi ndalama zimene ndili nazo. Tsopano ndikusaka ngolo yonyansa m'maso koma yaikulu ndi yolimba mafupa.

12 Epulo: ndagula

Inali kuseri kwa khola, udzu utamera mozungulira matayala, penti itasuluka. Mayi amene amagulitsa anandiuziratu kuti yakhala zaka zitatu osayenda. Mahatchi amaima moyang'ana kutsogolo, ma ekiselo ndi awiri, chitseko chakumbuyo chimatsika n'kukhala pokwerera, ndipo kutsogolo kuli china chotulukira. Denga pamalo otsikitsitsa: mamita 2.27. M'lifupi: 1.72, ndiye masentimita 83 pa hatchi iliyonse. Zitsulo za pachifuwa ndi kumatako zimasunthika mpaka 190, ndipo kutsogolo kwake kwatsala malo opitirira mita imodzi oti hatchi itambasule khosi.

Ndinagona chagada pansi pake ndi tochi ndi hamala. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee, chodyeka chimangoti phu. Mizati iwiri ikuluikulu ya chasisi inalira bwino kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Zitsulo ziwiri zopingasa, pamene pamaponda miyendo yakumbuyo, zinayoyoka makoko a dzimbiri. Matabwa apansi ndinawabaya ndi sikuludiraiva, n'kulowa ngati ndikubaya sopo. Nambala ya pa kachitsulo ka kampani ikufanana ndi ya pamapepala. Kachitsulo komweko kakuti ngolo ndi katundu wake zisapitirire makilogalamu 2,400, ndipo mapepala akuti yopanda kanthu ndi 980.

Ankafuna magawo 66. Ndinawaitana kuti aone okha sikuludiraiva ikulowa, tinagwirizana 58. Sindinayerekeze kuikoka pamsewu ndi matayala amenewo, ndinalipira lole yoinyamula, magawo 3. Zatsala: 35.

19 mpaka 30 Epulo: pansi

Apa ndi pamene pagona moyo wa hatchi. Thabwa likathyoka ngolo ikuyenda, mwendo umafika pa phula, woyendetsa osadziwa kanthu. Choncho sindinafune zigamba, ndinachotsa matabwa onse. Mabawuti ambiri anakana sipanala, ndinawadula ndi girayinda. Ntchito imeneyi yokha inatenga masiku awiri.

Matabwa atachoka, zitsulo zodyeka zinapezeka zitatu, osati ziwiri. Chachitatu chinadyeka pamwamba, pamene thabwa lonyowa linkachikhudza, ndipo kuchokera pansi sichinkaoneka. Owotcherera anadula zonse zitatu n'kuika zatsopano za makulidwe omwewo. Chasisiyi ndi yokutidwa ndi zinki, ndiye anayamba apala malo owotchererawo n'kugwirira ntchito panja, chifukwa utsi wa zinki umadwalitsa. Magawo 5. Ine ndinapala dzimbiri lotsala ndi burashi ya waya, n'kupaka penti yoteteza kawiri.

Vuto linabwera pa matabwa. Ndinagula olimba, okhuthala mamilimita 40, koma anayi mwa iwo anali asanaume. Ndinawadula, n'kuwaboola, n'kuwayala kuti ndione ngati akukwana. Patatha masiku asanu awiri anali atapindika ngati uta, ena awiri atang'aluka kumapeto. Obooledwa kale sabwezedwa. Magawo 2 anapita pamenepo, kuwonjezera pa 7 a matabwa onse. Olowa m'malo mwake ndinawasankha ndekha, kuwanyamula limodzilimodzi kuti ndimve kupepuka, n'kuwayang'ana m'litali ndi diso limodzi.

Ndawayala m'litali mwa ngolo kuti thabwa lililonse ligone pa zitsulo zopingasa zonse, ndipo pakati pawo ndasiya mpata wa mamilimita 5 woti madzi azitsikira. Akalipentala anandichenjeza kuti mankhwala ambiri otetezera matabwa ali ndi kopa, yemwe amadya mabawuti wamba msanga. Ndagula okutidwa ndi zinki wokhuthala, a mitu yobulungira kuti asang'ambe labala. Mabawuti ndi penti, magawo 2. Chitseko chokwerera ndachisinthanso thabwa ndi zotsala, mahinjesi ake ndangowapaka girisi.

Labala watsopano ndi wa mamilimita 17, magawo 5. Ndamudula zidutswa ziwiri m'malo mwa chimodzi, ndipo sindinamumate. Labala amene munthu mmodzi sangamutukule satukulidwa, ndipo ndi momwe pansi pakale panawolera. Zatsala: 14.

3 Meyi: matayala ndi mabuleki

Mapanga a matayala anali akuya ngati atsopano, koma m'mbali muli ming'alu. Pa tayala lililonse pali nambala yoyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Atatu analembedwa 1414, sabata ya 14 ya 2014. Lachinayi linali la galimoto wamba. Ndagula asanu pamodzi ndi sipeya, onse a chilembo C, opangidwira katundu wolemera. Nambala yawo ya katundu ndi 94, kutanthauza makilogalamu 670 pa tayala. Anayi ndi 2,680, kupitirira 2,400 a ngoloyi. Magawo 9.

Mabuleki ake ndi aja amadzigwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha chokolera, chokoleracho chimalowa mkati n'kukoka ndodo ndi mawaya opita kumawilo. Amakaniko atatsegula madiramu, awiri anali ndi zikopa za mabuleki zitamatuka pa zitsulo zake, zikungogubuduka mkati. Anati zimachitika ngolo ikaima nthawi yaitali handibuleki ili yokoka. Ine ndiziisiya yomasula, mawilo n'kuwatchinga ndi zipika. Tasintha mabuleki mawilo onse anayi, mabering'i a mawilo awiri, shoko ya m'chokolera imene inali itafa, ndi kawaya kamene kamakoka mabuleki ngolo ikaduka pa galimoto. Kakale kanali katamangidwa mfundo. Magawo 6. Bajeti yapitirira ndi gawo limodzi.

10 Meyi: magetsi

Ndikayatsa indiketa ya kumanzere, magetsi onse akumbuyo amaphethira mofooka. Ndinasintha mababu osaphula kanthu. Vuto linali waya wa eti, uja wobwezera magetsi, wadzimbiri pamene wamangidwa ku chasisi. Ndapala, ndamanga, zatheka. Pulagi ya ngolo ndi ya mapini 7, ya galimoto 13, ndagula adaputa. Ndaikanso getsi limodzi mkati ndi kupenta makoma ndi denga zoyera. Magawo 2.

14 Meyi: kuyesa yopanda mahatchi

Nditakola, mphuno ya ngolo inaweramira pansi. Pa ngolo ya ma ekiselo awiri zimenezi zimasenzetsa ekiselo yakutsogolo katundu wambiri, ndipo nditayenda makilomita 20 matayala akutsogolo anali ofunda kuposa akumbuyo. Chokokera changa chimasunthika, ndiye ndakweza mpira ndi bowo limodzi, masentimita 5, ngolo yaima mowongoka.

Kulemera kwa pa mpira ndinayeza ndi sikelo ya kubafa ndi kachipika, mawilo atatchingidwa. Yopanda kanthu: makilogalamu 62. Nditaika zishalo ndi zigubu ziwiri za malita 20 kutsogolo: 97. Madzi aziyenda m'galimoto. Muyeso umenewu musauchite mahatchi ali mkati, chifukwa hatchi siyenera kukwera ngolo yosakoledwa ku galimoto. Nditakwanitsa makilomita 50 ndinamanganso manati a mawilo, ndipo awiri anazungulira pang'ono.

17 mpaka 21 Meyi: kukwera

Yaing'ono inanunkhiza labala n'kulowa tsiku loyamba. Yaikulu inaponda chokwerera ndi miyendo iwiri, n'kuima nji. Maso a hatchi amachedwa kuzolowera mdima ikachoka padzuwa, choncho ndinatsegula chitseko chakutsogolo, n'kutembenuza ngolo kuti kuwala kulowe, chotchinga chapakati n'kuchikankhira mbali imodzi. Sindinaikoke kapena kuimenya. Ikaponda sitepe imodzi ndinkamasula chingwe, ikabwerera ndinkaisiya ibwerere n'kuyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsiku lachitatu inalowa yonse n'kutulukira kutsogolo, lachisanu inaima mkati n'kumadya udzu. Itadzutsa mutu kuti imve galu akuuwa, makutu okha ndi amene anakhudza denga. Ndinakumbukira ngolo ya 2.03 ija, mtima unangoti myaa.

Dongosolo lake silisintha. Polowa, nditseke chitsulo cha kumatako kaye, kenako ndimange mutu. Potuluka, ndimasule mutu kaye. Hatchi yomangidwa ikabwerera m'mbuyo n'kumva chingwe chakoka imachita mantha n'kulimbana nacho. Chingwe ndimachimanga pa kalupu ka ulusi womangira mabelo a udzu, kuti zikavuta kaduke ulusiwo. Ndimasiyanso utali woti itsitse mutu, chifukwa hatchi imachotsa fumbi ndi mamina m'njira ya mpweya mutu uli pansi. Ikamangidwa mutu m'mwamba maola ambiri ikhoza kudwala chibayo cha paulendo.

24 Meyi: phokoso pamakona

Ulendo woyamba woyesa, makilomita 8. Yaikulu ndinaiika mbali ya pakati pa msewu, popeza msewu umatsetserekera m'mphepete ndipo yolemera ikakhala kumtunda ngolo imakhazikika. Pakona iliyonse kumbuyo kunkamveka gugudugugudu. Nditaima ndinaipeza thukuta lili kamukamu, penti ya m'munsi mwa chotchinga itapalika.

Ndinaganiza kuti labala akuterera, koma ayi. Mawa lake ndinamangirira foni pamwamba kuti ijambule, tikuzungulira pang'onopang'ono pabwalo. Kanemayo anaonetsa zonse. Pokhota, hatchi imatagadza miyendo yakumbuyo kuti isagwe. Chotchinga changa chinali thabwa lofika pansi, ndiye chiboda chikafuna kupita kumbali chinkagunda thabwalo, hatchi n'kuyamba kupalasa ngati ikukwera khoma. Masentimita 83 aja ndi okwanira mimba, koma miyendo imafuna oposa pamenepo. Pa miyezo yonse imene ndinatenga mwezi wa Malichi, uwu wokha sindinauganizire.

Tadula theka la m'munsi la chotchingacho n'kupachikapo labala wolendewera, woti chiboda chikamukankha amapatuka koma amatetezabe hatchi inayo kuti isapondedwe. Magawo 2.

Kenako ndinachita chinthu chimene ndikupempha aliyense wokoka mahatchi achite, pabwalo lotsekedwa osati pamsewu. Ndinaima m'ngolo yopanda kanthu, manja osagwira paliponse, mnzanga akuyendetsa. Pa liwiro limene m'galimoto limaoneka ngati kuyenda pansi, ndinamenyetseka kukhoma pakona yoyamba. Choipa kwambiri ndi kuponda mafuta galimoto itangotuluka pakona, chifukwa nthawi imeneyo ngolo imakhala ikadali pakonapo. Tsopano ndimachepetsa liwiro kutali, ndipo sindiwonjezera mpaka nditaona pagalasi kuti ngolo yawongoka.

31 Meyi

Njira yomwe ija, onse awiri ali mkati. Zii. Yaikulu inatsika youma, udzu uli kukamwa.

7 Juni: sikelo ndi ulendo wa maola awiri

Ndinadzera pa sikelo ya malole, gawo limodzi. Ngolo yopanda kanthu ndi makilogalamu 1,090, osati 980 a pamapepala. Matabwa okhuthala, labala ndi sipeya zawonjezera 110. Ndi mahatchi, zishalo ndi udzu yafika 2,190. Popeza madzi anali m'galimoto, ndiye kuti mahatchi akulemera pafupifupi makilogalamu 40 kuposa momwe tepi inanenera. Patsala 210 kuti ndifike pamalire a ngolo, ndi 310 pa a galimoto.

Ndalama zonse zafika magawo 106. Ngolo ya miyezo yomweyi yosafuna kukonza, imene ndinaiona mu Epulo, ankaitchula 170. Pa 106 amenewa, 6 ndi a chikole chija ndi matabwa aawisi.

Paulendo ndinaima kamodzi pakati. Ndinagwira pakati pa wilo lililonse, onse ofunda mofanana, palibe lotentha. Yaing'ono inamwa madzi, yaikulu inakana, ndipo inadzamwa titafika. Mkati munali motentha kuposa panja ngakhale mazenera a m'mbali anali otsegula, chifukwa kachitseko ka mpweya ka padenga kanamatirira ndi penti yanga yomwe. Ndakatsegula ndi mpeni. Titabwerako ndinatulutsa labala, kutsuka matabwa, n'kusiya zitseko zonse zotsegula mpaka paume. Sipuling'i ya kumanja ya chitseko chokwerera yafooka, moti pochikweza ndekha chikulemera mbali imodzi. Ndayeza utali wake, ndikaitanitsa ziwiri Lolemba kuti ndisinthe zonse pamodzi.